Kulemba kafukufuku woti munthu awerenge mpaka kumapeto

Ophunzira inu, chaka chino aliyense wa inu alemba lipoti la kafukufuku wake. Ena mwayendera kale alimi m'midzi, ena mwakhala mukusanthula makaundula a kuchipatala, ena mwacheza ndi aphunzitsi komanso ana asukulu. Zomwe mwapeza zili m'makope ndi m'makompyuta mwanu. Chatsala n'kuziyala papepala kuti munthu amene sanapite nanu kumeneko azimve, azikhulupirire, ndiponso afike nazo kumapeto asanatope. Nkhaniyi tiitenge mofatsa, chifukwa mtima umandiwawa ndikaona kafukufuku wokhetsera thukuta, amene akanathandiza anthu, akungochita fumbi m'kabati poti palibe amene anapirira kumuwerenga.

Tiyambe ndi wowerenga. Munthu amene adzatole pepala lanu ndi wotanganidwa. Mwina ndi dokotala, mlangizi wa zaulimi, mphunzitsi wa kuyunivesite kapena mkulu wa ku unduna, ndipo patebulo pake pali mulu wa mapepala ena. Sayamba tsamba loyamba n'kumatsika mpaka lomaliza ayi. Amaona mutu. Ukamukoka, amawerenga chidule, kenaka amadumphira ku matebulo ndi zithunzi, ndipo akakhutira m'pamene amabwerera kuchiyambi. Paliponse pamenepa akhoza kutseka pepalalo n'kutenga lina. Za munthu ameneyu muzikumbukira zinthu ziwiri nthawi imodzi: ndi wanzeru, koma sali m'mutu mwanu. Mukaiwala kuti ndi wanzeru, mumubwerezera mfundo imodzi katatu mpaka anyansidwe. Mukaiwala kuti sali m'mutu mwanu, mudumpha mfundo zimene kwa inu n'zodziwikiratu, iye n'kusokera.

Ambiri mumaganiza kuti pepala limakoma chifukwa cha mawu akuluakulu ndi ziganizo zokhotakhota, zomveka ngati za anthu ophunzira kwambiri. Chimene chimagwira wowerenga ndi funso. Munthu akakhala ndi funso m'mutu amawerenga yekha, osakakamizidwa, kuti apeze yankho. Choncho musanalembe tsamba lililonse, tengani kapepala mulembepo ziganizo ziwiri: funso limene munapita nalo kukafufuza, ndi yankho limene mwabwera nalo. "Malungo m'boma la Chikwawa" si funso, ndi dzina la nkhani chabe, ndipo pansi pa dzina lotere munthu akhoza kuunjika chilichonse. Koma mukafunsa kuti n'chifukwa chiyani mabanja ena amene analandira masikito sagonamo, mwapeza muyeso wosankhira zolowa m'pepala ndi zotsala kunja. Ngati ziganizo ziwirizi zikukukanikani, musanamizire kalembedwe. Ndiye kuti simunamalize kuganiza, ndipo mubwerere ku makope anu.

Funso lanu lizioneka kuyambira pamutu. Mu 1989 Malcolm Molyneux, Terrie Taylor, Jack Wirima ndi mnzawo wina anasindikiza zimene anapeza pa ana odwala malungo a mu ubongo ku Blantyre. Mutu wa pepala lawo umatchula matendawo, umanena kuti akufotokoza zizindikiro zake ndi zimene zimalosera kuti mwana apulumuka kapena ayi, ndipo umatha ndi kunena kuti anaunika ana 131 a ku Malawi amene anali atakomoka. Dokotala wa ku Kenya kapena ku Ghana akangowerenga mzere umodzi umenewo amadziwa ngati pepalalo likumukhudza. M'pepala lomwelo munachokera muyeso wa kukomoka kwa mwana umene umadziwika ndi dzina la mzinda wa Blantyre. Muyesowu umayang'ana zinthu zitatu: ngati maso a mwana akutsatira chinthu monga nkhope ya mayi wake, mmene thupi likuyankhira ululu, ndi kaliridwe kake. Malikisi ake amayambira pa 0 kulekeza pa 5. Unafalikira m'zipatala za mayiko ambiri chifukwa, kuwonjezera pa kukhala wothandiza, namwino akhoza kuumva n'kuusunga pamtima.

Dongosolo la magawo a pepala la sayansi nalonso ndi mafunso basi. Katswiri wa ziwerengero za umoyo wa ku Britain, Austin Bradford Hill, ananena mu 1965 kuti wolemba ayenera kuyankha zinthu zinayi: chimene chinamuyambitsa, chimene anachita, chimene anapeza, ndi tanthauzo la chimene anapezacho. Amenewa ndiwo mawu oyamba, njira zofufuzira, zotsatira ndi kukambirana zotsatira. Musasakanize. Maganizo anu asalowe m'gawo la zotsatira, ndipo nambala yatsopano isatulukire koyamba m'gawo lokambirana.

Gawo limene ophunzira ambiri amagwerapo ndi mawu oyamba. Amayambira kutali kwenikweni, kunena kuti ulimi ndi wofunika padziko lonse lapansi, kuti maphunziro ndiwo chitukuko, ndipo masamba atatu amatha funso lisanaoneke. Wowerenga wanu amazidziwa kale zimenezo. John Swales, amene anasanthula mawu oyamba a mapepala ambiri a akatswiri, anasonyeza m'buku lake la 1990 kuti olemba aluso amachita zinthu zitatu: amanena zimene zikudziwika kale pankhaniyo, amaloza pamene pali mpata kapena kusagwirizana, kenaka amanena mmene kafukufuku wawo akulowera pampatapo. Mtima wa gawoli uli pa chachiwiricho, pa mawu akuti "koma". Anthu apeza zakutizakuti, koma palibe amene waona mmene zimakhalira kwa alimi a m'madimba. Pa "koma" ameneyo m'pamene wowerenga amatchera khutu. Pepala la James Watson ndi Francis Crick lonena za kapangidwe ka DNA, limene linatuluka m'magazini ya Nature pa 25 Epulo 1953, n'longopitirira pang'ono tsamba limodzi ndipo lili ndi chithunzi chimodzi. Chiganizo choyamba chimanena kale chimene abweretsa. Kenaka amatchula kapangidwe kamene Linus Pauling ndi Robert Corey anapereka, amanena chifukwa chake sakukhutira nako, n'kuyala kawo. Tengerani kulunjika kwawo, koma musatengere kuuma manja kwawo pothokoza, pakuti ntchito ya Rosalind Franklin, imene inawathandiza kwambiri, sanaipatse ulemu woyenera. Mwini mfundo muzimutchula, ndipo muzimutchula pamalo pamene mfundoyo mwaigwiritsa ntchito.

Tsopano tifike pa phata la phunziro la lero, ndipo apa ndichedwapo. Mukamalondolera mlendo njira, mumayambira pamene waima. Mumati, "Pachigayo mukupaona apo, mukhotere kumanja. Mukakhota mupeza mjigo. Kuseri kwa mjigowo kuli mtengo wa mango, ndipo nyumba yake ndi yoyang'anizana ndi mtengowo." Chizindikiro chilichonse chatsopano mwachimangirira pa chimene mlendo wachidziwa kale. Mutayamba ndi mtengo wa mango, zonse zimene munganene zikhala zoona, koma mlendoyo sakafika. Ziganizo za m'pepala la kafukufuku zimayenda chimodzimodzi. George Gopen ndi Judith Swan anafotokoza mfundoyi mu 1990 m'magazini ya American Scientist: wowerenga amayembekeza kupeza chinthu chodziwika kale kumayambiriro kwa chiganizo, ndipo chatsopano, chofunika kuchigwira, amachiyembekeza kumapeto. Mukatembenuza dongosololi, mphamvu zimene akanagwiritsa ntchito pomvetsa mfundo yanu amazithera pofunafuna mmene ziganizo zikulumikizirana.

Mverani ndime iyi. "Ntchemberezandonda zimawononga chimanga. Masamba ndiwo amaikiridwa mazira ndi gulugufe wouluka usiku. Mankhwala opopera safika bwino kumtima kwa chimanga. Alimi ena amachedwa kuyendera minda." Palibe bodza m'ziganizo zinayizi, ndipo zonse n'zazifupi, koma chilichonse chaima pachokha. Tsopano mverani iyi. "Ntchemberezandonda ndi mphutsi za gulugufe wina wouluka usiku. Gulugufeyo amaikira mazira pamasamba a chimanga. Mazirawo akaswa, timphutsi timadya tsamba, ndipo tikakula timalowa kumtima kwa chimanga, kumene kumatuluka masamba atsopano. Kumtimako mankhwala opopera safika bwino, n'chifukwa chake mlimi wochedwa kuyendera munda wake amapopera mochedwa, zinthu zitaonongeka kale." Mwaona mmene mchira wa chiganizo chimodzi ukusandukira mutu wa chinzake: gulugufe, gulugufeyo, mazira, mazirawo, kumtima, kumtimako. Ndime yachiwiriyi ndi yotalikirapo, koma ndiyo yopepuka kuwerenga. Choncho lamulo limene munamva loti ziganizo zazifupi ndizo zabwino musalitenge lokha. Kulumikizana kumaposa kufupika. Ambiri mwa inu mulemba m'Chingerezi, ndipo mfundoyi imagwira ntchito kumenekonso popanda kusintha.

Mfundo yomweyi imalamuliranso pepala lathunthu, ngakhale buku. Charles Darwin, pofuna kuuza anthu mu 1859 nkhani yovuta kuilandira yoti mitundu ya zamoyo imasintha, sanayambire pa mafupa akale kapena pa zilumba zakutali. Mutu woyamba wa buku lake ukunena za ziweto ndi mbewu, makamaka nkhunda, zimene iye mwini ankaweta ndipo owerenga ake ku England ankazidziwa bwino. Anawaonetsa kuti mitundu ya nkhunda yosiyana kwambiri maonekedwe inachokera ku mtundu umodzi wa nkhunda za m'matanthwe chifukwa oweta ankasankha zoti ziswane. Wowerenga atavomera zimene maso ake anaona kale, m'pamene Darwin anamutengera kutchire kukamuonetsa chilengedwe chikuchita kusankha komweko. Inunso mfundo yanu yovuta kwambiri muiyambire pa chitsanzo chimene wowerenga angachione m'maganizo.

China ndi aneni. M'chiganizo chamoyo muli wochita ndi chochita, mwininkhani ndi mneni, ndipo awiriwa amakhala moyandikana. Matenda a olemba kafukufuku ndi kusandutsa mneni aliyense kukhala dzina mpaka wochita azimiririke. Mudzapeza wina walemba kuti, "Kusapezeka kwa kutsatiridwa kwa ndondomeko ya kamwedwe ka mankhwala kunaoneka pakati pa odwala kaamba ka kutalika kwa mtunda." Funsani kuti ndani anachita chiyani. Yankho lake ndi ili: "Odwala ena anasiya kumwa mankhwala chifukwa chipatala chili kutali." Chiganizo chachiwirichi chili ndi ubwino wina woposa kumveka: chikhoza kutsutsidwa. Wina angafunse kuti odwala angati, kutali bwanji, munadziwa bwanji kuti chifukwa chake ndi mtunda. Choyambacho n'chovuta kuchitsutsa poti sichinanene chogwirika, ndipo ndaona kuti olemba ena amachikonda pa chifukwa chomwecho, kuti abisalemo. Musabisale. Msintho wochitidwa uli ndi malo ake, makamaka m'gawo la njira zofufuzira, pamene zilibe kanthu kuti anatenga magazi ndi ndani: "Magazi anatengedwa m'mawa, mwana asanadye." Koma mukalemba kuti "zinaganiziridwa kuti", wowerenga ali ndi ufulu wodziwa woganizayo, kaya ndi inu, kaya ndi wolemba wina, kaya ndi anthu amene munawafunsa.

Manambala nawo amafuna ulemu. Nambala yokhala yokha sinena kanthu, imayamba kulankhula ikaikidwa pafupi ndi inzake. Mu 2015 Karl Seydel, Terrie Taylor ndi anzawo anasindikiza mu New England Journal of Medicine zimene anaona pojambula ndi makina a MRI ubongo wa ana 168 odwala malungo a mu ubongo ku Blantyre. Ana 25 anamwalira. Mwa 25 amenewo, 21 anali ndi ubongo wotupa kwambiri. Mwa ana 143 amene anapulumuka, otupa chotero anali 39. Kunena kwina, 84 pa 100 alionse mbali imodzi, 27 pa 100 alionse mbali inayo. Apa simufunika mfotokozi ngati "zodabwitsa" kapena "zoopsa kwambiri". Manambala awiriwo ataima pamodzi achita kale ntchitoyo. Onaninso kuti ndakuuzani chiwerengero chenicheni cha ana pamodzi ndi gawo la pa 100. Muzichita chomwecho nthawi zonse, chifukwa theka la anthu anayi ndi theka la anthu 4,000 sizilemera mofanana. Ndipo zimene zili m'tebulo musazibwereze zonse m'ndime. Ndime iuze wowerenga pamene ayang'ane m'tebulomo ndi chifukwa chake.

Wowerenga wabwino amatsutsa mumtima pamene akuwerenga, ndipo pepala limakoma wolemba akamamuyankha asanatsegule pakamwa. Chitsanzo chimene ndimachikonda ndi cha John Snow, dokotala wa ku London. Mu 1854 kolera, matenda amene ifenso tinawaona ndi maso athu mu 2022 ndi 2023, anapha anthu oposa 500 m'masiku pafupifupi khumi m'dera la Soho. Madokotala ambiri a nthawiyo ankakhulupirira kuti matendawa amayenda ndi mpweya wonunkha. Snow ankati ndi madzi, ndipo m'buku lake la 1855 anaika mapu osonyeza maliro ataunjikana mozungulira mjigo wa mumsewu wa Broad Street. Koma mapu okha sakanakwana, pakuti wokhulupirira za mpweya akanati mpweya woipawo unali pomwepo. Ndiye Snow anatola nkhani zimene zinkaoneka ngati zikumutsutsa. Pafupi ndi mjigowo panali fakitale yofulula mowa, ndipo antchito ake sanafe ndi kolera: anapeza kuti sankamwa madzi a pamjigopo, poti ankapatsidwa mowa ndipo fakitaleyo inali ndi chitsime chake. Nyumba yosungiramo anthu osauka 535 inataya anthu asanu okha, ndipo nayonso inali ndi madzi akeake. Kenaka panali mayi wamasiye wa ku Hampstead, kutali ndi Soho, amene anafa ndi kolera kudera kumene kunalibe mliri. Anapeza kuti mayiyo ankakonda kakomedwe ka madzi a ku Broad Street ndipo anthu ankachita kumutengera madziwo m'botolo. Mpweya wa ku Soho sunafike ku Hampstead, koma madzi anafika. Wowerenga amatsatira nkhani zimenezi mtima uli m'mwamba, chifukwa funso lililonse limene likumubwerera akulipeza litayankhidwa m'ndime yotsatira.

Snow anachitanso chinthu china chimene ndikufuna muchisunge. Akuluakulu a deralo anachotsa chogwirira cha mjigowo pa 8 Seputembala, ndipo zikanamukomera kunena kuti zimenezo ndizo zinathetsa mliri. Iye analemba poyera kuti odwala anali atayamba kale kuchepa, poti anthu ambiri anali atathawa m'deralo. Kuvomera malire a umboni wanu sikuchepetsa pepala, kumachititsa kuti wowerenga akhulupirire zina zonse zimene mwanena. Ngati munafunsa anthu a m'mudzi umodzi, nenani za mudzi umodzi, osati za Malawi yense. Ngati zinthu ziwiri mwangoziona zikuyendera limodzi, musalembe kuti china chikuyambitsa chinzake. Komanso musagwere mbali inayo, yomata "mwina", "kapena" ndi "zikuoneka ngati" pa chiganizo chilichonse. Kayikani kamodzi, pamalo pamene pali chikayiko chenicheni, ndipo nenani chimene chikukukayikitsani. Pamene mukudziwa, nenani molimba.

Pali kanthu kena kakang'ono kamene kamasokoneza anthu ambiri. Pachimangirizo cha kusekondale munaphunzitsidwa kusinthasintha mawu kuti musabwereze. M'pepala la kafukufuku chinthu chimodzi chikhale ndi dzina limodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Mukati "mabanja" patsamba lachiwiri, "makomo" patsamba lachisanu ndi "alimi" m'tebulo, wowerenga aganiza kuti munawerenga magulu atatu. Mawu a ukatswiri muwamasulire pamene akuonekera koyamba, ndipo zidule za malembo akuluakulu zikhale zochepa, zokhazo zimene zibwere kawirikawiri.

Zonsezi sizitheka pa ulendo woyamba, ndipo palibe katswiri amene zimamuthekera. Ulendo woyamba mumalemba kuti inuyo mudziwe chimene mukuganiza. Wachiwiri ndiwo mumalembera wowerenga, ndipo nthawi zambiri mudzapeza kuti mfundo yeniyeni ya ndime yabisala m'chiganizo chomaliza. Ikwezeni ikhale poyamba. Mudzapezanso ndime zimene munazivutikira kwambiri koma sizikuyankha funso lanu. Zichotseni, ngakhale zikupweteka, pakuti pepala silinalembedwe kuti lionetse kutopa kwanu. Chidule mulembe pomalizira penipeni, ndipo muikemo yankho lenilenilo ndi manambala ake, osati lonjezo loti zotsatira zikambidwa m'kati. Mukatha, werengani mokweza. Pamene mpweya wakutherani chiganizo chisanathe, paduleni. Pamene lilime lapunthwa, diso la wowerenga lidzapunthwanso. Kenaka mupatse mnzanu wa phunziro lina, wa zaulimi apatse wa zaumoyo, ndipo musamufunse ngati pepalalo lili bwino, chifukwa adzangoti lili bwino. Mufunseni kuti akuuzeni ndi pakamwa pake chimene mwapeza. Akanena zosiyana ndi zimene munkafuna, musakangane naye. Mufunseni tsamba limene anasokerera, mukakonze pamenepo.

Tikakumananso sabata yamawa, aliyense abwere ndi zinthu zitatu zolembedwa patsamba limodzi: funso lake m'chiganizo chimodzi, yankho lake m'chiganizo chimodzi, ndi ndime imodzi ya m'mawu ake oyamba. M'ndimeyo mudule mzere kunsi kwa mwininkhani wa chiganizo chilichonse, ndipo pambali mulembe mawu a m'chiganizo cham'mbuyo amene mwininkhaniyo akulumikizana nawo. Tidzasinthana mapepalawo awiriawiri n'kuwerengerana mokweza m'kalasi muno.